Mphindi Zitatu za Mbiri ya Agogo

Maliro a nkhalamba ku Mulanje amadziwika ndi kaliridwe kake. Akamwalira mwana, kapena mayi wosiya khanda, mfuu wake umang'amba mudzi. Koma akatsikira kulichete agogo amene anafika poona zidzukulutudzi, amayi a m'nyumba ya siwa amalira pang'ono, kenaka wina n'kukumbutsa anzake mmene malemu ankathamangitsira nkhuku ndi ndodo yawo uku akuzikalipira ngati anthu, ndipo kuseka kumamveka mpaka panja pomwe abambo akuwotha moto. Palibe wodzudzula. Anthu amangoti agogo akapume, ntchito anaigwira.

Tsiku loika maliro, mwambo umayenda mwa dongosolo lake. Amfumu amalankhula, mlembi wa chipepeso amawerenga maina a amene apereka ufa, nkhuni ndi ndalama, kenaka mmodzi wa kubanja, kawirikawiri mdzukulu amene anapita patali ndi sukulu, amaimirira ndi pepala long'ambidwa m'kope. Imeneyo ndiyo mbiri ya malemu. Imatchula chaka chobadwa, mudzi ndi mfumu yaikulu, kaya ndi Mabuka, Chikumbu, Nkanda, Juma kapena Njema. Imatchula chaka cha ubatizo ndi chaka chimene anavala yunifolomu ya Mvano. Imawerenga ana amene anabereka, amoyo ndi otsogola, zidzukulu ndi zidzukulutudzi, ndipo apa khamu limang'ung'udza mosilira nambala ikakhala yaikulu. Imathera pa matenda: anayamba kudandaula miyendo, tinathamangira nawo kuchipatala, Chauta wawatenga. Zonsezi sizipitirira mphindi zitatu.

Pepalalo silinama, koma limasiya zambiri. Mayi wa ku Mulanje amene akuikidwa lero ali ndi zaka 90 kapena kuposerapo anabadwa ulamuliro wa atsamunda uli pachimake. Anakula thangata akadalipo, anakwatiwa ndalama zikadali mapaundi ndi masheleni, anavinira Kamuzu, anasankha pakati pa nyali ndi tambala wakuda mu 1993, ndipo analera ana kawiri. Mabuku a mbiri ya bomali amatchula azungu a minda ya tiyi, mafumu ndi aphungu. Mayiyu samutchula, chonsecho zimene amalembazo zinadutsa pakhomo pake, zina mpaka kulowa m'nyumba.

Chovuta choyamba ndi chaka chobadwa. M'zaka za m'ma 1930 mwana wa kumudzi ankabadwira m'nyumba, m'manja mwa azamba, popanda wogwira cholembera pafupi. Amene makolo awo anali Akhristu a mishoni, monga ya Church of Scotland imene inakhazikika ku Mulanje cha m'ma 1890, mwina dzina lawo lili m'kaundula wa ubatizo. Ena onse zaka zawo zimapezeka pofunsa zochitika. Kodi agogo, munabadwa dzombe lisanabwere kapena litapita? Pamene asilikali ankabwerako ku nkhondo ya Hitler munali mutayamba kutunga madzi? Pa njala ya 1949 munali namwali, kapena munali kale ndi mwana kumsana? Funso lomalizali ndilo limathandiza kwambiri, pakuti palibe amene anaiona njala imeneyo n'kuiiwala. Mu 2017, boma likulemba anthu m'kaundula wa ziphaso za unzika, alembi achinyamata okhala ndi makina ojambulira anakumana ndi vuto lomweli, ndipo nkhalamba zambiri zinatuluka pamzere zili ndi tsiku lobadwa longoganizira. Chaka chimene mdzukulu amawerenga pamaliro nthawi zambiri chimachokera pa chiphaso chimenecho. Eniake akanafunsidwa akanangoti amayi awo anawauza kuti kunali kukolola nandolo.

Mudzi wotchulidwa pa pepalalo nawo uli ndi nkhani yake. Eni nthaka akale m'tsinde mwa phiri ndi Amang'anja. Ayao a Nkanda, Matipwiri ndi Chikumbu anafika m'zaka za m'ma 1800, ndipo njira ya akapolo inkadutsa pa mpata wa pakati pa phiri la Mulanje ndi la Michesi, pamene Angerezi anamangapo Fort Lister mu 1893. Koma ambiri mwa agogo a lero ndi ana a Alhomwe amene anawoloka malire kuyambira m'zaka za m'ma 1890 mpaka m'ma 1930, kuthawa msonkho, chikoti ndi ntchito yokakamiza ya Apwitikizi. Ankabwera mabanja athunthu, mitolo pamutu. Kuno anapatsidwa dzina lonyoza lakuti Anguru, mpaka pamene Lewis Mataka Bandawe ndi anzake anakhazikitsa bungwe la Alhomwe mu 1943 n'kulimbana ndi boma kuti lisiye dzinalo. Manyazi a dzina lija anapha chilankhulo m'makomo ambiri. Mtsikana wa m'ma 1930 ankamva Chilhomwe kwa amayi ake n'kumayankha m'Chinyanja, ndipo ana ake anatola moni yekha. N'chifukwa chake ku chikondwerero cha Mulhako wa Alhomwe pa Chonde, chimene chinayamba mu 2008, achinyamata amavina tchopa mwamphamvu koma akafuna tanthauzo la mawu amene akuimba amatembenukira kwa nkhalamba zomwezi.

Obwerawo anapeza malo a chonde ali kale ndi eni ake a pa pepala. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1890 mkulu wa boma la atsamunda, Harry Johnston, anapereka zikalata zotsimikiza kuti azungu ndi eni a minda ikuluikulu imene ankati anagula kwa mafumu. Cha mu 1891 Henry Brown, amene anali atalimapo khofi ku Ceylon, anabzala tiyi ku Mulanje ndi mbewu zochokera ku mitengo ya pa Blantyre Mission. Khofi atalephera, tiyi analowa m'malo mwake pa Lauderdale, Thornwood ndi minda ina, kampani ya Lyons inatsegula Lujeri m'zaka za m'ma 1920, ndipo pangano la maiko olima tiyi la mu 1933 litakweza mitengo, minda inakula mofulumira. Agogo a lero anabadwira m'kati mwa kukula kumeneko.

Mlendo wopanda malo ankaloledwa kumanga pa esiteti, koma lendi yake inali thukuta. Mawu akuti thangata, amene kale ankatanthauza kuthandizana pa ntchito, anasanduka dzina la ukapolo wa mtundu wina: mwezi wogwirira msonkho, mwezi wogwirira malo, ndipo mwezi wa pa tikiti ya bwana unkatha kutalika kuposa wa kumwamba. Chimenechi ndi chimodzi mwa zimene zinautsa John Chilembwe, amene anaphedwa pa 3 Febuluwale 1915 m'dera la Mulanje lomweli akuthawira ku Mozambique.

Pali lamulo lina limene silitchulidwa kawirikawiri, chonsecho linakhudza mtsikana aliyense wobadwira pa esiteti. Lamulo la mu 1928 lokhudza anthu okhala m'minda ya azungu linalola mwini munda kuchotsa mwana wamwamuna akakwanitsa zaka 16, ndiponso kukana kuti mwamuna wokwatira mwana wamkazi wa pamalopo adzamange. Amene amadziwa chikamwini aona pamene panali bala. Kwa Alhomwe, Amang'anja ndi Ayao mudzi ndi wa akazi. Mwamuna amapita kukamanga kwa mkazi, ana ndi a kuchikazi, munda umachoka kwa mayi kupita kwa mwana wamkazi, ndipo mwini mbumba ndi mlongo wa mayiyo, amalume a anawo. Ndiye lamulo linkatanthauza kuti mzungu akhoza kuthamangitsa nkhoswe ya mawa ikadali mnyamata, n'kukhalanso iye wovomereza mkamwini. Namwali ankatha kuvinidwa, ankhoswe n'kugwirizana, koma mawu omaliza n'kukhala a ku ofesi ya esiteti. Thangata anathetsedwa mwalamulo mu 1962, mtsikana uja ali kale mayi wa ana angapo.

Kuthyola tiyi kumaoneka kokongola kwa munthu wodutsa pa msewu wa ku Muloza: minda yobiriwira yosalala ngati mphasa, phiri kumbuyo kwake, anthu ali ndi madengu kumsana. Wothyolayo amadziwa zina. Tiyi amaphuka kwambiri m'dzinja, kuyambira Disembala mpaka cha mu Epulo, ndiye ntchito yaikulu imagwa nthawi ya mvula, nthawi yomweyo imene chimanga kumunda chikufuna kupalira. Munthu amalowa m'mizere kusanache bwino, mame akunyowetsa mpaka m'chiuno, atadzimanga chiguduli kapena pulasitiki kuti nthambi zodulira zisamubaye. Manja onse awiri amayenda pamodzi. Masamba awiri ndi kansonga, masamba awiri ndi kansonga, dzanja likadzaza n'kuponyera kumsana osacheuka. Tsamba lokhwima likachuluka, kapitawo amakhuthula dengu pansi kuti usankhe. Kenaka pamabwera mzere wa ku sikelo, kumene kalaliki amachotsera kulemera kwa dengu ndi kwa madzi a mvula. Mkangano wa tsiku ndi tsiku unkayambira pamenepo, poti othyola ambiri nthawi imeneyo sankatha kuwerenga zimene zikulembedwa m'bukumo, koma msana wawo unkadziwa kulemera kwa zimene wanyamula.

Wolemba mbiri Robin Palmer, amene anafufuza za ntchito m'minda ya tiyi ya Nyasaland pakati pa 1930 ndi 1953, anasonyeza kuti malipiro anali otsika kwambiri, kuti ana anali gawo lalikulu la antchito, ndiponso kuti anthu ankabwezera mwa njira zawo, kujomba ndi kuthawa. Agogo ambiri anayamba kugwira dengu ali ausinkhu wa mwana wa sitandade 4 wa lero. Akaweruka, ntchito ina inkawadikira ku chithando kapena kumudzi: mtondo, madzi, nkhuni. Tiyi amene ankathyolayo ankapita ku London. Iwo ankamwa wotsalira, shuga akapezeka.

Zinthu zinasintha, koma mochedwa. Mu 1967 boma linakhazikitsa bungwe loyang'anira alimi ang'onoang'ono a tiyi, ndipo lero ambiri mwa alimi amenewa ku Mulanje ndi amayi, pa chifukwa chosavuta kumvetsa: munda ndi wawo. Zina sizinasinthe msanga. Mu 2021 kampani ya Camellia ya ku Britain, mwini wa Eastern Produce Malawi, inavomera kupereka mapaundi 2.3 miliyoni pothetsa mlandu umene amayi 36 ogwira ntchito m'minda ya tiyi anasuma ku London wokhudza nkhanza zogonana, ngakhale kampaniyo sinavomere kulakwa. Nkhaniyi inadabwitsa owerenga nyuzipepala m'tauni. N'zokayikitsa ngati inadabwitsa nkhalamba iliyonse imene inakhalapo pa mzere wa ku sikelo.

Nanga amuna anali kuti? Ambiri anali pa esiteti pomwepo, koma ena ochuluka anali ku Salisbury, ku Bulawayo kapena ku migodi ya ku Joni kudzera ku bungwe la Wenela. Ena ankabwerako ndi sutukesi, njinga ndi wailesi. Ena anatchona, ndipo mkazi ankadikira zaka zingapo, kenaka ankhoswe n'kukhala pansi kumumasula. Mu Epulo 1974 ndege yonyamula anthu ochokera ku migodi inagwa ku Francistown n'kupha Amalawi 74, ndipo Kamuzu analetsa kulemba anthu a Wenela. Pa pepala la mbiri, zonsezi zimalowa m'chiganizo chimodzi chofatsa: malemu anakwatiwa kawiri. Mudzi suchita nazo manyazi. Mkamwini amabwera n'kupita, mwini nyumba amatsala.

Njala ya 1949 inaonetsa zimenezi poyera. Megan Vaughan, m'buku lake la mu 1987 lonena za njalayi, anamvetsera nyimbo za pamtondo za amayi a m'boma la Blantyre, ndipo anapeza kuti amuna ankaikumbukira ngati chaka cha maulendo okasuma chakudya, pamene amayi ankaikumbukira ngati chaka chimene amuna anapita osabwerera. Blantyre sikutali, ndipo mwambo wa ukwati ndi womwewo. Chimene chinkapulumutsa mabanja m'zaka zoterozo chinali luso la m'khitchini ndi la m'munda limene mtsikana ankaphunzira kwa amayi ake: kusakaniza chimanga ndi nandolo m'munda umodzi, kusunga chinangwa m'nthaka mpaka tsiku loipa, kuyanika makaka padenga, kufutsa masamba.

Ndiye pali kalongonda. Nyemba imeneyi ndi yaululu, ndipo wophika mothamanga akhoza kugoneka banja lonse. Imawiritsidwa, imasendedwa makoko, imawiritsidwanso, madzi akuda aja n'kutayidwa, ena n'kuthiridwa, mobwerezabwereza kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, mtolo wa nkhuni n'kutha. Wophika amadziwa kuti yapsa poona mtundu wa madzi ndi kufewa kwake pa chala, ndipo salola mwana kulawa nthawi isanakwane. Nthano ya Alhomwe imati adani ena anapeza mphika wa kalongonda pamoto eni ake atathawa, anadya usanapse, ndipo sanadzukenso. Lero kalongonda amagulitsidwa ngati chakudya cha chikhalidwe pa Chonde, koma m'makomo ambiri mukafunsa amene amaphika mopanda mantha, amakulozerani nyumba ya anganga.

Ndale zinawapeza ali kumunda. Mu 1953, chaka chimene chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chinayamba, zipolowe zinabuka ku Thyolo n'kufalikira m'maboma oyandikana nawo, ndipo mkwiyo wa anthu unali pa malo, thangata ndi malamulo a malimidwe okakamiza. Pa 3 Malichi 1959 boma linayamba kumanga atsogoleri a chipani cha Congress. Mmodzi mwa omangidwa chaka chimenecho anali Rose Chibambo, amene anatengedwa kupita ku ndende ya Zomba ali ndi khanda la masiku ochepa. Mayi Chibambo anabadwa mu 1928 ku Mzimba, anamwalira mu Januwale 2016 ali ndi zaka 87, ndipo nkhope yawo ili pa K200. Ndi mmodzi mwa amayi ochepa kwambiri a mbadwo umenewo amene moyo wawo wautali dziko linaulemba. Anzawo a msinkhu umodzi a kwa Mabuka anaigwira ndalamayo pogulitsa nthochi ndi nanazi pa Chitakale, ambiri osadziwa kuti mayi wa pa ndalamayo ndi mnzawo wa nthawi imodzi.

Kamuzu anatenga mawu awiri a mwambo wa chikamwini n'kuwasandutsa a boma. Amayi onse anakhala mbumba yake, iye nkhoswe yawo yoyamba. Amayi a ku Mulanje ankakwera malole atavala nsalu za nkhope yake kupita kukavina, munda n'kutsala. Ena mwa iwo mpaka lero amakamba za masiku amenewo maso akuwala, pokumbukira ulendo woyamba wa ku Blantyre ndi ulemu umene mwamuna ankapereka kwa mkazi wovala nsalu ya chipani. Ena amakumbukira achinyamata a chipani ataima pakhomo la msika kufunsa khadi, ndiponso anansi awo a Mboni za Yehova, mpingo umene unaletsedwa mu 1967, amene nyumba zawo zinatenthedwa ndipo ambiri anakathera m'misasa ya ku Milange kutsidya kwa malire. Nthawi zambiri ndi munthu mmodzi yemweyo amene amakumbukira zonse ziwiri. Pamaliro sizinenedwa.

Sanenanso za maudindo amene analibe yunifolomu. Pafupifupi mudzi uliwonse unali ndi mayi amene ankaitanidwa usiku mayi wapakati akayamba kumva kupweteka, ndi wina wolangiza anamwali ku chiputu kapena ku nsondo. Mzamba wa kumudzi anaona zoopsa zimene sakanatha kuzithetsa, ndipo amayi ambiri anafera m'manja mwake chipatala chili kutali. Pa chifukwa chimenechi boma linaletsa azamba a kumudzi kubereketsa mu 2007. Chiletsocho chinali ndi zifukwa zomveka. Koma kunena zoona, theka la anthu akuluakulu oimirira pa manda a mzamba wakale anatulukira m'manja mwake, ndipo palibe amene anamupatsa satifiketi ya kuthokoza. Za unamkungwi nazo zili ndi mbali ziwiri, poti malangizo ena a kutsimba anathamangitsira atsikana ku banja akadali ana, ndipo mafumu ndi mipingo akhala akulimbana nazo. Udindo umene pepala limaulemekeza ndi wa kumpingo: Mvano kwa a CCAP ya Blantyre Synod, Dorika kwa a Seventh-day Adventist, mabungwe a amayi kwa Akatolika. Ndipo n'zoyenera, poti ndi amayi omwewo, ovala yunifolomu zawo, amene amachezera usiku wonse kuimba, kutsogolera bokosi ndi kuyala nkhata.

Mu 1986 nkhondo ya Frelimo ndi Renamo inafika ku Milange, ndipo anthu anakhamukira ku Muloza. Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 Malawi inali kusunga othawa nkhondo oposa miliyoni imodzi. Kwa mayi wa Chilhomwe amenewa sanali alendo enieni, ena anali a mtundu wake amene makolo awo sanawoloke kale lija. Kenaka mu Malichi 1991 Napolo anatsika m'phiri la Michesi, miyala ndi matope n'kukwirira midzi ya ku Phalombe, imene nthawi imeneyo inali mbali ya boma la Mulanje, ndipo anthu mazanamazana anafa. Chaka chotsatira kunagwa chilala.

Koma chimene chinapinda msana wa mbadwo umenewu si phiri kapena nkhondo. Edzi inapezeka koyamba m'Malawi mu 1985, ndipo Mulanje, boma la m'malire, la maesiteti ndi la anthu oyendayenda, linakhala limodzi mwa maboma okhudzidwa kwambiri. Mankhwala otalikitsa moyo anayamba kuperekedwa ulere m'zipatala za boma mu 2004. Pakati pa zaka ziwirizi pali zaka pafupifupi 20 zimene mayi wa zaka 60, amene ankayembekeza kupuma n'kumalandira shuga ndi sopo kuchokera kwa ana a m'tauni, anayamba kulandira anawo ali pa matilesi kumbuyo kwa galimoto. Mwambo unkati wodwala abwerere kwa amayi ake. Anawasambitsa, anawaphikira phala, anawatembenuza pamphasa, anawaika m'manda, wina chaka chino, wina chaka chamawa. Matendawo sankatchulidwa dzina. Ankangoti kaliwondewonde, kapena matenda a boma, kapena kungoti adwalitsa.

Zidzukulu zinatsala. Apa ndi pamene kulera kwachiwiri kunayambira, ndipo nkhalamba inabwereranso ku ganyu, kupalira m'minda ya eni kapena kuthyola tiyi dzinja likafika, kuti ipeze ufa ndi makope. Sukulu ya pulayimale yaulere ya mu 1994 inathandiza, koma yunifolomu ndi njala sizinali zaulere. Mdzukulu amene amawerenga mbiri pamaliro kawirikawiri ndi mmodzi wa ana amenewa, ndipo akafika pa mawu akuti anabereka ana asanu ndi atatu, amoyo ndi awiri, mawu ake amagwedera. Ambiri mwa iwo sankawatchula n'komwe kuti agogo. Ankati amayi.

Munthu angaganize kuti mbadwo wotere ukalamba mwaulemu. Ena amaterodi. Mtukula Pakhomo, ndondomeko ya boma yopereka ndalama kwa mabanja ovutikitsitsa imene inayambira ku Mchinji mu 2006, yafikira nkhalamba zambiri zolera ana amasiye, ngakhale ndalamayo imatha mwezi usanafike pakati. Koma pali chinthu chonyansa chimene sichiyenera kubisidwa. Kukalamba kwenikweniko kwasanduka mlandu m'midzi ina. Mayi amene waika ana ake onse iye n'kutsala, amene maso ake anafiira ndi utsi wa zaka 80 za pa mafuwa, amene wayamba kuiwala n'kumalankhula yekha, amalozedwa chala kuti ndi mfiti. Mu Januwale 2016 nkhalamba zinayi za banja limodzi zinaphedwa ku Neno mphezi itapha mtsikana. Lamulo la za ufiti la mu 1911 limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti, ndipo mu 2024 nyumba ya malamulo inavomereza lamulo loteteza anthu okalamba, limene mabungwe monga MANEPO analimenyera nkhondo kwa zaka zambiri. Amene amaweruza milandu ya kumudzi amadziwa kuti pansi pa nkhani zambiri za ufiti pamakhala munda. Kalembera wa mu 2018 anapeza anthu oposa 680,000 m'boma la Mulanje, boma limene mbali yaikulu ndi phiri ndi tiyi. Munda umene agogo analandira kwa amayi awo wagawidwa kale kanayi, ndipo kachigawo kamene akugwirabe kali ndi maso ambiri okayang'ana. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, amatero anthu pa msonkhano, koma madzulo ena mwa omwewo ndi amene amanong'ona.

Namondwe wa Freddy, mu Malichi 2023, anapeza otsala a mbadwowu ali osatha kuthamanga. Mvula inagwa masiku angapo osalekeza, mitsinje yochokera m'phiri inasefukira ndi miyala, ndipo m'chigawo cha kummwera anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa, oposa theka la miliyoni n'kusowa pokhala. Mulanje ndi Phalombe anali pakati pa maboma ovulala kwambiri. M'misasa ya m'masukulu, achinyamata ankanena za kusintha kwa nyengo ndi kutha kwa mitengo m'phiri. Nkhalamba zinkati Napolo wadutsanso, ndipo zinkatha kuloza njira imene anadzera ulendo wapitawo.

Bokosi likatsikira, adzukulu akakwirira, nkhata zikayalidwa, anthu obwera kutali amathamangira maminibasi a ku Limbe kusanade. Otsala amagona pa siwa. M'mawa mwake kapena patapita masiku ochepa pamakhala kumeta, ndipo abale amakhala pansi kugawana za malemu, zimene sizitenga nthawi: nsalu zingapo zopindidwa bwino m'sutukesi, zina zosavalidwa n'komwe chifukwa ankazisungira tsiku lalikulu, mphika, mtondo wong'ambika m'mbali, khasu lotha mpaka kutsala ngati chikhatho. Yunifolomu ya Mvano amakhala atapita nayo. Nkhani yaikulu ndi ya munda, ndipo imeneyo imadikira mwini mbumba. Tsiku lake likafika, ana aakazi ndi zidzukulu zachikazi amayenda naye m'malire, kuyambira pa mtengo wa mango mpaka pa chulu, akukumbutsana pamene agogo ankati apa mpanga, apo mpa mng'ono wanga.

Pepala lija amalipinda n'kuliika m'Baibulo la malemu. Lidzatulutsidwanso chaka chamawa kapena mkuja, ndalama za simenti zikadzasonkhedwa, kuti mmisiri wa chiliza adzakopere dzina ndi zaka ziwiri zija, chomwalira ndi chobadwa chongoganizira chija.